Njira ya malinga: kuchokera ku Shimabala mpaka pa mpata wa phiri la Mulanje

Munthu wokhala ku Shimabala sasowa kuona apaulendo. Usana ndi usiku, pa toll gate ya pa msewu wa Lusaka ndi Kafue pamandanda mathiraki ochokera ku Chirundu, mabasi a ku Livingstone ndi magalimoto a anthu opita kukapuma ku Siavonga. Nkhani ya kukaona malo ikabuka, maganizo a ambiri amathamangira kum'mwera, ku mathithi a Mosi-oa-Tunya kapena ku nyanja ya Kariba. Komatu kum'mawa kuli ulendo wina umene sutchulidwa kawirikawiri, wa makilomita oposa 1,000, wodutsa m'zigwa ndi m'mapiri, ndipo m'njira monsemo muli malinga amene asilikali a atsamunda anamanga m'zaka za m'ma 1890. Ubwino wake, wolankhula Chinyanja safuna womasulira kuyambira pa Intercity mu Lusaka mpaka m'tsinde mwa phiri la Mulanje ku Malawi.

Malingawa ambiri anagumuka, ndipo wongofuna zipupa zazitali zojambulirapo zithunzi akhoza kubwerako atakhumudwa. Chokoma pa ulendowu n'kuona malo amene linga lililonse linaikidwa. Asilikali aja sankamanga paliponse. Ankasankha pamene njira za anthu zinkakumana: pa dooko la mtsinje, pa khomo la chigwa, pa mpata wa phiri. Ukamvetsa njirayo, amene ankayendamo ndi zimene ankasenza, mulu wa miyala uja umayamba kumveka.

Chigwa cha Luangwa

Basi ya ku Chipata imanyamuka mbandakucha, n'kulowa msewu wa Great East. Mukapitirira Chongwe ndi Rufunsa, msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri, uku phompho uku thanthwe, mpaka kutsetserekera ku mlatho wa Luangwa. Kutentha kwa m'chigwa kumakulandirani musanatsike n'komwe. Amayi ayala nsomba zouma m'mbali mwa msewu, madengu ndi malichero zili mbwee, ndipo aliyense wotsika basi amabwerera ndi kaphukusi konunkhira utsi.

Amene ali ndi nthawi apatukire kum'mwera, atsate mtsinjewo mpaka ku tauni ya Luangwa, imene kale inkatchedwa Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Tsidya lina ndi Zumbo ku Mozambique, tsidya linalo ndi Kanyemba ku Zimbabwe. Apwitikizi anakhazikitsa msika kuno m'zaka za m'ma 1700, kugula golide, minyanga ya njovu ndi anthu. David Livingstone atadutsa mu 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Pambuyo pake akuluakulu a Achikunda monga Kanyemba ndi Matakenya anamanga malinga awoawo m'chigwachi, n'kumasakaza midzi ya Ansenga ndi mitundu ina yoyandikana. Choncho Angerezi asanabwere, linga linali kale chida cha wofuna kulamulira njira ya malonda.

Chipata ndi mfuti za 1898

Kuchoka pa mlatho, basi imadutsa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, kwawo kwa Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti. Dzuwa likamapendeka mumalowa mu Chipata, makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka. Tauniyi yakhala m'khwawa lozunguliridwa ndi mapiri, ndipo wokwera phiri la Kanjala amaiona yonse pansi pake.

Agogo ambiri amaikumbukirabe ndi dzina lakale la Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Kuno kunali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Linga la kuno silinamangidwe pofuna kuthetsa ukapolo. Azungu a kampani ya North Charterland ankakhulupirira kuti m'dziko la Angoni a Mpezeni muli golide wambiri, ndipo anali atamanga kale Fort Young, imene mabwinja ake alipobe kunja kwa tauniyi ndipo ndi malo otetezedwa ndi boma. Angoni ataona kuti alendo aja akukhazikika, Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera amene ankafuna kuwathamangitsa. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Malawi wa lero anafika ndi mfuti zachiwaya. Mikondo ndi zishango sizinaphule kanthu. Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa, ng'ombe masauzande zinalandidwa, ndipo golide uja sanapezeke.

Mwambo wa Nc'wala unazilala kuyambira nthawi imeneyo mpaka pamene unadzutsidwanso mu 1980. Lero kumapeto kwa Febuluwale ku Mtenguleni kumadzaza anthu ovala zikopa ndi nthenga, fumbi lili koboo. Wofuna kumva nkhondo ya 1898 kuchokera kwa eni ake apite ku nyumba yosungiramo mbiri ya Nsingo ku Feni, akakhale pansi ndi akuluakulu a kumeneko. Iwo sayamba ndi dzina la Jameson. Amayamba ndi ng'ombe zija.

Malire a Mwami ali pafupi. Mukangodinditsa pasipoti mwalowa m'boma la Mchinji, limene nalonso linali linga, Fort Manning, dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Malinga awiriwa anapana dziko la Mpezeni uku ndi uku, ndipo mzere wa malire unadula mabanja amene mpaka lero amayenderana pa maliro ndi pa maukwati. Kuchokera apa msewu umadutsa Lilongwe, n'kukwera mapiri ozizira a Dedza, kumene kuli zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kenako ndi Ntcheu, Zalewa ndi Blantyre.

Mpata wa Fort Lister

Phiri la Mulanje limaonekera patali, makamaka m'mawa mitambo itatsalira m'chiuno mwake. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi kapena m'Zambia. Alendo ambiri amathera ku Likhubula, kumadzulo kwa phirili, kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba. Wotsata malinga azungulire kumpoto mpaka ku Phalombe, akwere kabaza wa njinga yamoto, alowe msewu wokwera pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi.

Pamenepa ndiye pa mpata wa Fort Lister. Mukaima pakati pake simufunanso wokuuzani chifukwa chake linga linamangidwa pano. Kumanja phiri, kumanzere phiri, njira ndi imodzi yokha. Kumbuyo kwanu kuli chigwa cha Phalombe chotambalala mpaka ku nyanja ya Chilwa, kutsogolo njira ikutsikira ku Nkhulambe ndi ku malire a Mozambique. Magulu a amalonda ochokera ku nyanja ya Malawi ankadutsa pano ndi minyanga ndi akapolo omangidwa m'magoli, ulendo wa ku Quelimane ndi madooko ena a kunyanja yamchere. Mafumu a Chiyao a m'derali, monga Matipwiri ndi Mkanda, ankalamulira njira zozungulira phirili ndipo ankapindula nazo.

Harry Johnston, amene anayamba kulamulira dzikoli m'dzina la Britain mu 1891, anamangitsa Fort Lister mu 1893 kuti atseke mpatawu, ndi Fort Anderson mbali ina ya phiri. Mayina onse awiri ndi a akuluakulu a ku ofesi ya zakunja ku London. Ena mwa asilikali olondera anali Asikh ochokera ku India. Pofika 1895 mphamvu ya Matipwiri inali itathyoka, ndipo magoli anasiya kudutsa. Patangopita zaka pafupifupi khumi chimangidwire, linga linasiyidwa. Chotsala lero ndi maziko ndi zipupa zogumuka zomera udzu, komanso manda a Gilbert Stevenson, wachibale wa mlembi Robert Louis Stevenson. Mwa anthu onse amene anadutsa pa mpatawu atamangidwa m'khosi, palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake linalembedwa pa mwala.

Kuti lingali linathandiza kuthetsa malonda a anthu ndi zoona, ndipo palibe chifukwa chobisira. Koma asilikali omwewo ndi amene ankaperekeza otolera msonkho wa nyumba wa mashereni atatu. Nthawi yomweyo azungu anali kutenga malo achonde a kum'mwera kwa phiri, kumene tiyi anayamba kubzalidwa mu 1891. Alhomwe ambiri amene ankaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi anafikira m'minda imeneyi, n'kugwa m'thangata, kugwira ntchito yolipirira malo okhala. Njira imene inkatulutsa akapolo inasanduka yolowetsa antchito. Minda ya tiyi yobiriwira imene alendo amaijambula lero ili ndi mbiri imeneyi pansi pake.

Kukwera ndi eni phiri

Pa ofesi ya zankhalango ya pa Fort Lister ndi pamene pamayambira njira yokwera ku Sombani. Safunsa anadya phula: phirili silikweredwa popanda wolondolera. Nkhungu ya chiperoni imatha kutseka njira m'kanthawi kochepa, ndipo anthu asowapo m'phirili, makamaka ofuna kukafika pa Sapitwa okha. Olondolera ndi onyamula katundu ndi anyamata a m'midzi yapansiyi, ndipo ali ndi bungwe lawo ndi mitengo yodziwika. Muone mnyamata atasenza chikwama chanu cholemera, kuphazi patapata, akudumpha miyala yoterera uku akukudikirani inu amene mwavala nsapato zokwerera mapiri. Makolo awo anali amtengatenga, ankasenza katundu ndi machila a azungu m'njira zomwezi. Lero ntchitoyi ndi yakufuna kwawo, ndipo chaka chilichonse amapikisana pa liwiro la Porters' Race la makilomita oposa 20, kukwera ndi kutsika phiri.

Pakatha maola angapo mumatulukira pamwamba, pa chidikha cha udzu ndi timitsinje tozizira, nsonga ya Namasile ili pafupi. Malo ogona ndi nyumba zamatabwa zomwazikana m'phirimo: Sombani, Chinzama, Thuchila, Chisepo, Chambe, Lichenya ndi zina. Pa nyumba iliyonse pali mlonda amene amakonza nkhuni ndi madzi, koma ufa, ndiwo ndi zofunda n'zanu. Madzulo mphepo imaluma, moto uli lawilawi pa chiphikiro, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene olondolera amamasuka kukamba za mizimu ya m'phiri: kuti ukapeza chakudya chokonzedwa panjira udye wekha osaitana mnzako, kuti pali malo osayenera kuchitapo phokoso kapena kulozapo chala. Kaya mlendo akhulupirira kaya ayi, ulemu umenewu ndiwo unasunga mbali zina za nkhalango kwa mibadwo yambiri. N'chifukwa chake mu 2025 UNESCO inalemba phirili pa mndandanda wake poona chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe olizungulira.

Pali china chimene mlendo amachiona ndi chisoni: zitsa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, unatha ndi macheka ndi moto, ndipo mitengo ikuluikulu yatsala yowerengeka. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likugwira ntchito ndi midzi kufesa mbande ndi kuzikweza m'phiri, koma mtengowu umakula pang'onopang'ono. Mlendo wogula kabokosi konunkhira ka mkungudza pa msewu adziwe kumene thabwalo lachokera.

Midzi ya m'tsinde

Potsika, osathamangira basi. Midzi ya ku Phalombe ndi Nkhulambe ndi ya nandolo, chinangwa, mpunga ndi kalongonda, nyemba zimene Alhomwe amaziphika tsiku lonse n'kumataya madzi kuti ululu uchoke. Mukalowa pakhomo mumayamba ndi "Odi", mumalonjera agogo mutagwada pang'ono kapena mutagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo musanajambule munthu mumapempha. Anthuwa amalidziwa phirili kuposa mlendo aliyense chifukwa limawapatsa madzi ndiponso limawapha. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinakokolola midzi ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Akuluakulu amati anadutsa Napolo, chinjoka cha m'phiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwerezanso, ndipo Nkhulambe inali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri pa ngozi imene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'Malawi. Mabala a zigumukire akuonekabe m'mbali mwa phiri, ndipo m'minda ina muli miyala yaikulu ngati nyumba imene kale munalibe. Ndalama imene mlendo amalipira wolondolera, kapena kugulira nthochi ndi chinanazi pa msika wa m'mudzi, imafika m'mabanja amene akumanganso.

Nyengo yabwino ya ulendowu ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula itatha. Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri pamwamba, choncho juzi ndi bulangeti zisatsale. M'dzinja mitsinje imadzaza msanga ndipo msewu wa pa mpata umavuta. Ndalama ndi bwino kusinthira ku banki kapena ku malo ovomerezeka, popeza kwacha ya Zambia ndi ya Malawi n'zosiyana mphamvu ngakhale dzina ndi limodzi.

Malingawa ali m'manja mwa mabungwe awiri osiyana, National Heritage Conservation Commission ku Zambia ndi nthambi ya boma yoona za malo a mbiri yakale ku Malawi, pamene mbiri yake ndi imodzi. Asilikali amene anagonjetsa Mpezeni anali a gulu lomwelo limene linkalondera mpata wa Mulanje. Mabungwewa atagwirizana, Feira, Fort Young, Mchinji ndi Fort Lister zikhoza kukhala ulendo umodzi wa ana asukulu a mayiko onse awiri, wokhala ndi zikwangwani za m'Chinyanja zotchula Nsingo, Matipwiri, amtengatenga ndi anthu a m'magoli pambali pa Jameson ndi Lister. Okamba nkhaniyo alipo kale ku Feni ndi ku Phalombe, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba, choncho ntchito yowajambula mawu ndi yofunika kuyamba chaka chino.