Nyimbo zimene zinkasungidwa m'mutu

Ana inu, kodi mudamvapo nyimbo imene palibe akudziwa amene adaipeka? Kumapiri a Virginia, ku America, nyimbo zotere zidali mbwee. Anthu ankaziimba pakhonde madzulo, kutchalitchi ndi kumunda. Mwana ankaziphunzira kwa agogo ake, ndipo agogowo akamwalira asanaphunzitse wina, nyimbonso inkapita nawo.

Mu 1927, a Ralph Peer a kampani ya Victor adafika m'tauni ya Bristol ndi makina ojambulira mawu. Banja la Carter litamva, lidanyamuka ku Maces Spring pa galimoto yobwereka. Adalipo a A.P. Carter, akazi awo a Sara, ndi mlamu wawo a Maybelle, a zaka 18 zokha. Pa 1 ndi 2 Ogasiti adajambula nyimbo 6.

Musaganize kuti kudali kompyuta ayi. Oimba akayamba, singano inkakanda timizere pa phula lozungulira. Wina akaphonya, basi, kuyambiranso! Nyimbo inkayenera kutha m'mphindi pafupifupi 3, chifukwa mbali imodzi ya chimbale inkathera pomwepo.

A Maybelle ankaimba gitala modabwitsa. Chala chachikulu chinkayendetsa nyimbo pa nsambo zonenepa zija, zala zinazo zikukwapula nsambo zowonda. Womvera ankayesa magitala ndi awiri.

Nanga banja la Carter nyimbo zake zambirimbiri lidazitenga kuti? Apa ndiye pali munthu amene ndikufuna mumudziwe, a Lesley Riddle. Adali wachikuda, katswiri wa blues, nyimbo za anthu akuda a ku America zosimba mavuto, ntchito yowawa ndi chikondi. Adaduka mwendo pa ngozi ya kuntchito, komabe ankayenda ndi a A.P. m'midzi yakutali kufunafuna nyimbo. A A.P. ankalemba mawu papepala. A Riddle ankangomvetsera, mayimbidwe onse n'kuwasunga m'mutu, pobwerera n'kukaphunzitsa a Sara ndi a Maybelle. Nthawi imeneyo tsankho lidali lalikulu, moti awiriwa nthawi zambiri sankaloledwa kudya kapena kugona malo amodzi.

Banja la Carter lidatchuka dziko lonse, pomwe dzina la a Riddle lidangotsala pang'ono kuiwalika. Zimenezi zimandiwawa mtima. Mwamwayi, mu 1965 woimba wina, a Mike Seeger, adawapeza ku Rochester, m'chigawo cha New York, atasiya kalekale kuimba. Adawanyengerera kuti agwirenso gitala, ndipo adayamba kuwajambula.