Sutikesi ya mateyala anayi: pa eyapoti imavina, pa boda imalira

Masiku ano mukalowa mumsika wa Limbe kapena kutsikira ku Tsoka ku Lilongwe, simuyenda mtunda musanakumane ndi mnyamata akuzunguza sutikesi ndi chala chimodzi. Aikankha uku, aitembenuza uko, iyo nkumangovina ngati mtsikana wa chioda. Awa ndi masutikesi a mateyala anayi omwe Azungu amati spinner, ndipo amayi ndi abambo ambiri a geni atengeka nawo mtima.

Koma abale, taimani kaye. Mnyamatayo akuzunguzira pa simenti yosalala ya pakhonde la sitolo, komanso sutikesiyo mulibe kanthu. Inuyo mukagula mukalongedzamo nsapato, majini ndi mafuta odzola mpaka zipi kukana kutseka, kenako mukaikoka pa miyala.

Mateyala pa sutikesi si akale kwenikweni. Bernard Sadow wa ku America ndiye adatchuka nawo m'chaka cha 1970, koma yake inali yokoka ndi lamba ngati mbuzi, ndipo inkangogwa chammbali. Mu 1987 Robert Plath, yemwe ankayendetsa ndege za Northwest Airlines, adapanga yoimirira ya mateyala awiri ndi chogwirira chosolola, yomwe tonse tikuidziwayi. Za mateyala anayi ozungulira mbali zonse zidafala kampani ya Samsonite itatulutsa zake mu 2004.

Anthu onsewa ankaganiza za pabwalo la ndege, pomwe pansi mpoterera ngati mbale. Palibe ndi mmodzi yemwe adaolokapo mlatho wa Songwe wapansi mvula itagwa, ali pa ulendo wokaoda katundu ku Kyela kapena ku Kariakoo.

Taganizani za ulendo wa ku Joni pa basi. Kuchoka ku Blantyre mudutsa Mwanza ndi Zobue, muoloke Zambezi pa Tete, mulowe Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge, ndiye mukafike ku Park Station. Pobwerera ndiye pali ntchito: a kasitomu akafuna kuona katundu, zikwama zonse zimatsitsidwa nkukwezedwanso. Anyamata okweza katundu sanyengerera, amangoponya, ndipo pamwamba pa sutikesi yanu pamakhala mabelo ndi makatoni a anzanu.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Teyala la spinner limakhala panja, lotulukira pansi ngati mwendo wa nkhuku. Ndi laling'ono, ndipo limazungulira pa kachitsulo kamodzi basi. Sutikesi ikaponyedwa, choyamba kumenya pansi ndi teyalalo. Mchenga, ulusi ndi tsitsi zikalowa pa kachitsuloko, limayamba kukwekwereza mmalo mogudubuzika, mpaka kudyeka mbali imodzi. Limodzi likathyoka, atatu otsalawo alibenso ntchito. Ine yanga idatsika basi ili ndi atatu, lachinayi sindidalionenso, ndipo ndidaisenza pamutu ngati thumba la chimanga, anthu akundiseka pa depoti.

Ya mateyala awiri ndi yosiyana. Mateyala ake ndi akuluakulu, obisika m'thupi la sutikesi, ndipo poikoka chopendeketsa imakwera masitepe ndi kudumpha timaenje. Vuto lake nlakuti gawo la kulemera kwake limathera pa mkono wanu. Koma kwa munthu wa basi, kuli bwino mkono utope kusiyana ndi kugula sutikesi ina ulendo uliwonse. Ndalama imeneyo ikuchoka pa mpamba, osati kwina ayi.

Tisanamizane, spinner ili ndi malo ake. Inu amene mumakwera ndege ku Lumbadzi kapena ku Chileka kukaoda ku Dubai ndi ku Guangzhou, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, mukudziwa kutalika kwa makonde a mabwalo amenewa. Kumeneko spinner ndi bwenzi: mumaikankha ili chiimire, ziwiri nthawi imodzi, msana osamva kanthu.

Komabe a pandege muwerengere bwino. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndipo sutikesi yaikulu payokha imatha kulemera makilogalamu 4 kapena 5 musanaikemo nkanthu komwe. Amenewo ndi malonda amene mwasiya m'sitolo. Muyezo wa kukula nawo, womwe nthawi zambiri ndi masentimita 158 mukaphatikiza mulitali, mulifupi ndi kunenepa kwake, amayeza pamodzi ndi mateyala. Ndiye mateyala otuluka panja aja akukudyerani malo. Ikatuluka mu ndege itathyoka, kadandauleni musanachoke pabwalopo. Pangano la Montreal la 1999 limapereka masiku 7 okha oti mulembe dandaulo la katundu woonongeka.

Ngati mtima wakanirirabe pa ya mateyala anayi, musachite manyazi pamsika. Muuzeni wogulitsa aikemo zinthu zolemera, ndipo muikankhe nokha pa dothi, osati pakhonde paja. Sankhani yomwe pa ngodya iliyonse pali mateyala awiriawiri, okutidwa ndi labala. A pulasitiki youma mumawadziwa ndi phokoso, amalira gwedegwede ngati ngolo.

Kenako tsegulani mkati. Pansalu yamkati pamakhala kazipi kakang'ono komwe ambiri sakaona. Tsegulani kameneko muone mmene teyala lamangidwira. Ngati lamangidwa ndi timabawuti tomasuka, likathyoka mudzagula lina, ngakhale wokonza zikwama pamsika adzakuikirani. Ngati ndi lokhomerera losamasuka, kukonza kwake ndi mutu waukulu. Sololani chogwirira mpaka kumapeto nkuchigwedeza. Chikamalewa kwambiri chili chatsopano, sichifika pa Mwanza. Zipi ikhale ya mano akuluakulu, ndipo mukaona ya YKK yeniyeni ndiye mwapata.

Pa zachigoba cholimbazi, zotchipa zambiri ndi za pulasitiki yotchedwa ABS, yomwe ikamenyedwa imang'aluka. Ya polycarbonate, yomwe kampani ya Rimowa ya ku Germany idayamba kupangira masutikesi mu 2000, imapindika nkubwereranso. Dinani ndi chala pakati pake mumve. Dzina lomatidwa kutsogolo lisakupusitseni, poti kumata dzina ngakhale mwana amatha. Nthawi zina sutikesi yakale ya pa kaunjika, yokandikakandika, imaposa yonyezimira ya m'katoni.

China chomwe ogulitsa sakuuzani: zambiri mwa izi zilibe mabuleki. Blantyre ndi wa zitunda, ndipo mukaisiya chiimire pa Wenela mukuwerenga chenji, mudzaipeza yauyamba yokha ulendo wa kumunsi. Mukaima paliponse, igonekeni chammbali.