Matayala Akutsogolo a Thirakitala Akaleka Kukoka

Amayi, ngati gulu lanu lili ndi thirakitala, kapena mumasonkha ndalama chaka ndi chaka kuti mubwereke ya mlimi wina ikutipulireni munda wa gulu, tsiku lina mudzamva dalaivala akuti, "Yasiya kukoka kutsogolo." Mawu amenewa amakonda kumveka mvula yoyamba itangogwa, aliyense akuthamangira kubzala. Injini ikulira bwinobwino, pamsewu thirakitala ikuyenda, koma ikalowa m'munda n'kutsitsa pulawo, matayala akumbuyo amangopalasa matope pomwe akutsogolo angoti duu.

Pamenepo nkhani ya ndalama yayambika. Uyu ati giyabokosi yatha, uyo ati difu yaphwanyika, ndipo msungichuma amauzidwa mtengo woti ungapukute thumba lonse la gulu. Kuti muteteze thumbalo sikulira kuti mukhale amakaniko ayi. Chofunika n'kudziwa njira imene mphamvu imadzera pochoka ku injini mpaka kukafika ku matayala akutsogolo. Njirayo imaduka pamalo amodzi, ndipo malowo angathe kupezeka ndi maso ndi manja giyabokosi isanatsegulidwe n'komwe.

Mathirakitala akale amene timawaona kuno, monga a Massey Ferguson, Ford ndi John Deere, ali mitundu iwiri. Ena amakoka ndi matayala akumbuyo okha, akutsogolo ndi ang'onoang'ono ongowongolera. Ena amakoka ndi onse anayi, ndipo matayala awo akutsogolo ali ndi mizere ikuluikulu yofanana ndi ya akumbuyo. Pa mathirakitala oterewa pamalembedwa 4WD, ndipo ndi amene tikukamba pano.

Mphamvu ikachoka ku injini imalowa mu giyabokosi. Kunsi kwa giyabokosi, kapena pambali pake, pali kabokosi kena ka magiya kamene kamapatula gawo la mphamvuyo n'kulipereka ku shafiti, chitsulo chachitali chozungulira chimene chimapita kutsogolo. Shafitiyo imalowa mu difu ya kutsogolo, ndipo difu imagawa mphamvu kumanzere ndi kumanja kudzera m'mashafiti awiri aafupi. Iliyonse mwa mashafiti aafupiwa ili ndi mfundo yopindika, yothandiza kuti tayala lizikhota likuzungulira, ndipo kumapeto kwake, mkati mwa habu ya tayala, mulinso timagiya tina. Mu kabokosi kaja ndi mmene muli cholumikiza ndi kulumula 4WD. Pa mathirakitala akale kwambiri dalaivala amakoka handulo, pa atsopanoko amadina switchi.

Yambani ndi zosafuna ndalama

Choyamba, tsimikizani kuti vuto lilipodi. Imani patali ndithu, chapambali, dalaivala alowetse thirakitala pamalo ofewa atalumikiza 4WD, inu muziyang'ana matayala akutsogolo. Ngati akuzungulira n'kumataya dothi koma thirakitala osasuntha, 4WD ili bwino, vuto ndi matayala operepeseka. Ngati akumbuyo akupalasa pomwe akutsogolo aima, mphamvu sikufikako. Kanyale ka 4WD kamene kamayaka kutsogolo kwa dalaivala musakakhulupirire kwambiri. Pa mathirakitala ambiri kamangonena kuti switchi yadinidwa basi, sikadziwa ngati matayala akukoka.

Ngati thirakitala yanu ndi ya handulo, pemphani dalaivala atsate handuloyo kuchokera pomwe amaigwira mpaka pomwe imalowera mu kabokosi. Pakati pamenepo pali timapini ndi titsulo tolumikiza, ndipo pini imodzi ikagwa handulo imasuntha mopepuka koma mkati osakankha kanthu. Handulo yopepuka kuposa masiku onse ndi chizindikiro chabwino kwa msungichuma, chifukwa pini siidula.

Ya switchi ndiyo imasokoneza anthu

Apa mpofunika kumvetsetsa, chifukwa ndi pamene magulu amagulira zinthu zosafunika. Mu thirakitala ya switchi, cholumikiza 4WD kawirikawiri chimakhala kilatchi yaing'ono ya timbale tambiri tomira mu oyilo. Timbaleto tikapanikizidwa pamodzi mphamvu imadutsa, tikamasuka siidutsa. Switchi imatumiza magetsi ku kachipangizo kotchedwa solenoid, ndipo iko kamatsekula kapena kutseka njira ya oyilo wopopedwa ndi pampu.

Tsono opanga mathirakitala anatsata nzeru ziwiri zosemphana. Ena anapanga kuti oyilo ndiye azipanikiza timbaleto. Pa mtundu umenewu fyuzi ikapsa, waya akaduka, oyilo akachepa kapena fyuluta ikatsekeka ndi litsiro, 4WD imatha pomwepo. Zonsezi n'zotsika mtengo, ndipo ziyenera kuonedwa wina asanatchule za giyabokosi. Musaiwale makoswe. Thirakitala imene yakhala chilimwe chonse mu shedi pafupi ndi matumba a chimanga mawaya ake ayang'anidwe mmodzimmodzi. Komanso funsani dalaivala ngati zinthu zina zoyendera oyilo yemweyo zafooka nthawi yomweyo. Zikatero, diso lipite ku oyilo, fyuluta ndi pampu.

Ena, kuphatikizapo mathirakitala ambiri a John Deere, anapanga mosemphanitsa. Sipuling'i yolimba ndiyo imapanikiza timbale nthawi zonse, ndipo ntchito ya magetsi ndi oyilo n'kumasula 4WD. Pa mtundu umenewu fyuzi ikapsa, thirakitala imakanirira mu 4WD osachokamo. Choncho ngati yanu ndi ya sipuling'i ndipo yaleka kukoka kutsogolo, fyuzi yatsopano siithandiza kanthu. Makaniko wodziwa amangozula waya wa solenoid n'kuyesanso m'munda. Matayala akayamba kukoka ndiye kuti switchi kapena mawaya akutumiza magetsi nthawi yosayenera. Akapanda kukoka, mwina solenoid yagwira ndi litsiro ili chotsekula, mwina timbale tatha, mwinanso chitsulo china chathyoka kutsogoloko.

Ndiye funso loyamba kwa makaniko likhale lakuti, "Bambo, thirakitala iyi imalowa 4WD ndi oyilo kapena ndi sipuling'i?" Buku la thirakitalayo limanena zimenezi. Makaniko amene sangayankhe funsoli, kwa ine, asamasule bawuti.

Kuyesa ndi jeke

Kuyesa kumene kumaloza malo enieni a vuto kumachitika injini ili yozima, kiyi ali m'thumba mwa dalaivala. Thirakitala iime pamalo olimba ndi athyathyathya, 4WD ikhale yolumikiza, giya ikhale yolowetsa, mabuleki a dzanja akhale omanga, ndipo matayala akumbuyo atsekeredwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Kenaka tayala limodzi lokha lakutsogolo linyamulidwe ndi jeke, pansi pa ekiselo paikidwe chipika cholimba. Jeke payekha sadalirika, ndipo munthu asalowe kunsi chipikacho chisanaikidwe. Ana achoke pamalopo.

Tsopano munthu mmodzi azungulize tayala lonyamulidwalo ndi manja. Pa thirakitala yabwino limagwedezeka pang'ono n'kuima, chifukwa lalumikizana ndi matayala akumbuyo omwe amangidwa. Likazungulira osaima ndiye kuti njira ija yaduka penapake, ndipo wachiwiri ayang'ane shafiti yaitali ija. Nthawi zambiri imakhala yovindikiridwa ndi chitsulo chotchinga chomangidwa ndi mabawuti ochepa, chimenecho chichotsedwe kaye. Kuika chizindikiro cha choko pa shafiti kumathandiza kuona msanga ngati ikusuntha. Dziwani kuti pa mtundu uja wolowa 4WD ndi oyilo, injini ikazima kilatchi imamasuka, choncho tayala ndi shafiti zizizungulira ngakhale zonse zili bwino. Pamenepo kuyesaku kumangokuuzani za mbali ya kutsogolo.

Ngati tayala likuzungulira ndipo shafiti ikuzunguliranso mpaka kukalowa mu kabokosi, zonse za kutsogolo zili bwino ndipo nkhani ya difu ithere pomwepo. Vuto lili mu kabokosi, kilatchi kapena handulo.

Koma yang'anitsitsani nsonga ziwiri za shafitiyo, chifukwa ndi pamene mathirakitala akale amakonda kudwalira. Kunsonga iliyonse kumakhala kachitsulo kokhala ngati paipi yaifupi, ka mano mkati, kamene amakaniko amati coupling. Iko kamavala nsonga ziwiri za zitsulo n'kuzilumikiza. Kamakhala pansi pomwe pali fumbi, matope ndi madzi, ndipo kakasowa girizi mano ake amadyeka pang'onopang'ono mpaka kusalala. Tsiku limene atheratu, chitsulo chimodzi chimazungulira mkati mwake chinzake chili chiimire. Mudzaona fumbi lofiira la dzimbiri pamalopo, ndipo dalaivala akakumbukira bwino adzakuuzani kuti masiku apitawo ankamva kulira kwa "kho, kho" akamanyamuka. Nthawi zina mano amakhala ali bwino, koma pini yogwira kachitsuloko yathyoka ndipo katsetserekera kumbali. Pa zitsulo zonse za njirayi, aka ndi kamodzi mwa totsika mtengo, ndipo kamasinthidwa osatsegula giyabokosi kapena difu. Chongofunika kuonanso ndi mano a pa shafiti penipenipo, chifukwa ngati nawonso adyeka, katsopanoko sikakhalitsa.

Ngati tayala likuzungulira koma kunsi kulibe chimene chikusuntha, vuto lili mu ekiselo ya kutsogolo. Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri: mbali imodzi yokha ikathyoka, matayala onse awiri amaleka kukoka. Chifukwa chake ndi khalidwe la difu. Iyo imathamangitsira mphamvu ku mbali yopepuka, monga madzi a mu ngalande amathamangira pomwe pagumuka. Shafiti yaifupi ya kumanzere ikathyoka, mphamvu yonse imathera kuzunguliza chiduswa chothyokacho, tayala la kumanja osalandira kanthu. Choncho matayala awiri kuima sikutanthauza kuti difu yafa. Pa mathirakitala ambiri mfundo yopindika ija imaoneka kuseri kwa tayala. Ngati tayala likuzungulira koma mfundo yaima, awonongeka ndi magiya a mu habu ya tayala lomwelo. Yesani mbali zonse ziwiri, ndipo yothyokayo imazungulira mopepuka kwambiri.

Oyilo nayenso amapereka umboni. Difu ili ndi oyilo wake, ndipo kawirikawiri habu iliyonse ilinso ndi wake, yemwe madalaivala ambiri amamuiwala. Makaniko akhuthulire oyiloyo mu beseni loyera inu mukuona. Tizitsulo tosalala ngati ufa pa bawuti yotsekera, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi maginito, si todetsa nkhawa kwenikweni pa thirakitala yakale. Zibenthu zoti mungatole ndi zala ndi mano a giya. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka walowa madzi, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri kwa olima m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Habu youma gwa yafotokoza kale nkhani yonse.

Patsala chimodzi. Nthawi zina tayala limakana kuzungulira ndi manja, kuoneka ngati zonse zili bwino, koma m'munda osakoka. Kawirikawiri apa ndiye kuti timbale ta kilatchi taperepeseka: mphamvu ya mkono tikuigwira, ya pulawo tikuterera. Ntchito imeneyi ndiyo yofuna kutsegula kabokosi ndiponso makaniko wa zida zoyezera.

Chinaithyola n'chiyani?

Mukakonza osachotsa chimene chinayambitsa, mudzasonkhanso. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo anawerengeredwa kukula kwake kuti akutsogolo azithamanga pang'ono pokha kuposa akumbuyo, pakati pa 1 ndi 5 pa 100 alionse. M'munda kusiyana kumeneku kumathera m'dothi, chifukwa tayala limaterera pang'ono. Pa msewu wa phula kapena pa nthaka youma gwa palibe poterera, ndipo zitsulo zimakhala zikupotana mkati mtunda wonse. N'chifukwa chake dalaivala ayenera kumasula 4WD akangotuluka m'munda. Handulo ikakana kutuluka asaimenye ndi hamala, angobwerera m'mbuyo pang'ono kuti zitsulo zimasuke. Pogula matayala, manambala a pa tayala latsopano afanane ndi amene buku la thirakitala lanena. Tayala la kaunjika losiyana saizi limaoneka lotchipa tsiku logula lokha.

Mwina mufunsa ngati ntchito ingapitirire podikira ndalama. Ngati palibe phokoso lachilendo ndipo vuto ndi pini, waya kapena coupling, thirakitala ingagwire ntchito zopepuka ndi matayala akumbuyo, koma makaniko achotseretu shafiti yolendewerayo. Ngati mukumveka kukukuta kapena kugogoda mu habu kapena mu difu, iime. Zibenthu zimene zili mkatimo zimaphwanya magiya amene anali abwino, ndipo zingathe kumanga tayala mwadzidzidzi thirakitala ikuyenda.

Palinso nkhani ya moyo. Mathirakitala ambiri ali ndi mabuleki kumbuyo kokha, ndipo matayala akutsogolo amathandiza kuimitsa kudzera mu 4WD yomweyo. Ena amalumikiza 4WD okha dalaivala akaponda mabuleki. Thirakitala imene yasiya kukoka kutsogolo yachepanso mphamvu yoimira, makamaka pamtsetse wonyowa ikukoka ngolo ya matumba. Mpaka itakonzedwa, katundu achepe, ndipo anthu asakwere pamwamba pa matumbawo.

Makaniko akamaliza kuyesa, akuonetseni ndi chala pomwe njira yadukira asanalembe mtengo, ndipo mlembi alembe m'buku la gulu dzina la chitsulocho, tsiku ndi maola amene thirakitala yagwira. Chitsulo chakale chimene chachotsedwa chibwere kwa msungichuma pamodzi ndi lisiti ya chatsopano.