Mfumu Imene Inabwezera Gule Pabwalo

Chaka chilichonse chakumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, ku Malawi ndi kuno ku Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. Mfumu iliyonse imafika kwa Kalonga Gawa Undi ndi mphatso, imanena za m'dera lake, ndipo imabwera ndi magule akwawo. Anamwali amavina, zilombo za Gule Wamkulu zimatuluka, fumbi n'kuti koboo.

Mwambowu unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, ndipo unakhala chete zaka 50 kufikira Kalonga Gawa Undi X ataudzutsa mu 1984. Iyeyo sanapeke gule kapena nyimbo yatsopano. Anangopereka bwalo, tsiku ndi ulemu. Gule amene amishoni ankamutcha wachikunja anayamba kuvinidwa pamaso pa nduna za boma. Wosema chigoba ndi woimba ng'oma anadziwa kuti ntchito yawo ikaonedwa ndi anthu a maiko atatu, motero anayamba kuikonzekera mwakhama. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la maiko atatuwa pamodzi (chaka chomwecho timbila za Achopi zinalandiranso ulemuwu). Mu 2007 apulezidenti Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza anakhala pabwalo limodzi ku Mkaika.

Chochititsa chidwi n'chakuti likulu lakale la Undi linali ku Mano, m'chigawo cha Tete. Malire a atsamunda anadula ufumuwo, anthu ena n'kuyamba kuphunzira Chingerezi, ena Chipwitikizi. Mchewa wa ku Angónia ndi wa ku Dedza akakumana ku Mkaika, sizinenero zakusukuluzo zimene zimawagwirizanitsa ayi. Amamvana m'chinenero chakwawo ndi m'kulira kwa ng'oma.

Nanga zimenezi zikukukhudzani bwanji inu aphunzitsi a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba? Poyamba pali phunziro la mawu. Funsani ana kuti "Kalonga" ndi "Gawa" akuchokera ku aneni ati. Ena apeza okha kulonga ufumu ndi kugawa malo. Kenako afunseni kuti m'Chipwitikizi angati chiyani. Ambiri anena rei kapena régulo, ndipo apa ndi pamene kukambirana kumakoma, chifukwa régulo ndi dzina limene atsamunda ankagwiritsa ntchito pa mafumu amene ankawatuma kutolera msonkho. Mwana akaona kuti mawu awiriwa sakwanira kunyamula tanthauzo la Kalonga, waphunzira kuti kumasulira si kungosinthanitsa mawu.

Koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene ine ndimachiona cholemera kuposa zonse. Umodzi umene Kulamba kumamanga ndi wa Achewa, si wa mwana aliyense wokhala pa benchi m'kalasi mwanu. Ku Ngauma ndi ku Mandimba ana ambiri ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Ku Cuamba chinenero chachikulu ndi Chimakua. Mfumu ikakweza gule mmodzi, magule ena amatsalira kunja kwa bwalo, ngakhale mfumuyo isanafune kutero. Mukaphunzitsa Gule Wamkulu ngati "chikhalidwe chathu tonse", mwana Myao amva kuti phunzirolo si lake, ndipo kholo lina likhoza kubwera kudzadandaula. Ndi bwino kutenga Kulamba ngati chitsanzo chabe, n'kutembenuza funso: kwanu kuno, ndani amaitanitsa ng'oma? Ndani amadyetsa ovina? Gule amene palibe womuitanitsa amathera kuti? Ana Achiyao angakafunse agogo awo za ufumu wa Mataka ku Mwembe, anzawo Achimakua za mafumu akwawo, aliyense n'kulemba m'chinenero chake asanafotokozere kalasi m'Chipwitikizi. Nthawi yake ilipo kale: gawo la currículo local, lomwe ndi magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira.

Za kudambwe zokha musazikhudze. Mwana wolowa gule sangakuyankheni kuti mkati mwa kasiyamaliro muli chiyani, ndipo mukamukakamiza mwamuika pa mlandu ndi akuluakulu akwawo. Mufunseni za zimene aliyense amaona pabwalo: nthawi imene gule amatuluka, amene amaimba, ndi khalidwe limene chilombo chilichonse chimadzudzula.