Mutu 6: Chitsulo Nachonso Chimatopa

Kachewere akangoyamba kukumbidwa m'madimba a ku Lifidzi, okonza njinga sagona ndi njala. Njinga zimafika zokankhidwa, ina limu itapindika, ina kaliyala itaduka mwendo, ina masipoko akulendewera. Eni ake onse amanena zofanana: "Zitsulo za masiku ano n'zabodza." Zabodza zilipodi pamsika, sindikukana. Koma mawuwa amandipweteka mutu, chifukwa amaphimba chinthu chimene wopanga njinga, ngolo kapena ndege amachiopa kuposa china chilichonse.

Wopanga chinthu asanadule chitsulo amadzifunsa mafunso anayi: chidzanyamula chiyani, chidzayenda potani, chipangidwe ndi chiyani, ndipo chikawonongeka adzachikonza ndani. Tiwatenga limodzilimodzi. Koma muyambe mwamva zimene zinachitikira amalume anga.

Lachisanu anakweza matumba awiri a kachewere pa njinga yawo ya Hero mpaka kumsika, njinga osadandaula. Lamlungu akupita kutchalitchi ku mishoni, opanda katundu aliyense, sipoko ya kumbuyo inangoti thwa! Anatsika n'kuiyang'ana nthawi yaitali. "Apa pali dzanja la munthu," anatero. Mnyamata wokonza njinga anaisolola sipoko ija, n'kuwaonetsa poduka. "Taonani, bambo. Mbali yakudayi inang'aluka kalekale, mpaka yachita dzimbiri. Kowala aka ndiye kaduka lero." Chitsulo chinali chitatha miyezi yambiri chikung'aluka mwakachetechete, Lamlungu lija chinangomalizitsa.

Tengani waya wa m'khola, muyese kumudula pomukoka. Mutuluka thukuta pachabe. Tsopano mupindeni uku ndi uku pamalo amodzi, kakhumi, kamakumi awiri. Atentha, kenako aduka ngati phesi. Simunaonjezere mphamvu, mwangobwereza. Akatswiri amati kumeneku ndi kutopa kwa chitsulo, ndipo amene anakuyeza mosamala ndi August Wöhler wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, atazunguzika ndi ma ekiselo a sitima za pamtunda omwe ankaduka atanyamula katundu wawo wa masiku onse. Anapeza kuti katundu wochepa wobwerezedwa kambirimbiri amapha chitsulo chimene sichikanaopa katundu wolemera wa tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ngakhale pa zoipa.

Tiwerengere. Tayala la mainchesi 28 limazungulira pafupifupi ka 450 pa kilomita imodzi. Munthu woyenda makilomita 20 patsiku kwa masiku 300 walizunguza kopitirira 2,500,000 pachaka. Ulendo uliwonse sipoko ikafika pansi imamasuka pang'ono, ikakwera imakokekanso. Ndi waya wa m'khola uja, koma wopindidwa kamamiliyoni.

Anthu ambiri amaganiza kuti masipoko ndi mizati yochirikiza njinga. Ayi ndithu. Chotsani imodzi muikanikize ndi chala, ipindika ngati udzu. Mphamvu yake ili pa kukokeka, ngati chingwe cha ng'oma. Ng'oma yomangidwa bwino imalira, yolefuka imangoti phuphu. Masipoko akakhala okungika onse mofanana amagawana katundu, ndipo palibe imene imalefukiratu ikafika pansi. Ikamasuka imodzi, imayamba kugwedera pakhosi pake, paja yapindikira polowa m'habu, ndipo mpomwe imadukira pafupifupi nthawi zonse. Anzake oyandikana nayo amasenza ntchito yake, nawonso n'kuyamba kutopa. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake ikaduka sipoko imodzi sabata ino, sabata yamawa ziduka ziwiri. Njinga zakale za ku England zinkakhala ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, chifukwa opanga ankadziwa kumene kulemera kumatsamira. Inu gogodani masipoko anu ndi sipanala Loweruka lililonse. Ikalira mosiyana ndi anzake, ikungeni isanakuchititseni manyazi pamsewu.

Ndimati ndipite ku funso lachiwiri, koma pali kanthu kena konyansa kokhudza kutopaku. Mng'alu suyamba paliponse. Wogulitsa zitenje akafuna kudula nsalu amangoluma m'mphepete ndi sizasi, kenako n'kung'amba ndi manja. Mapaketi a sopo waufa ena ali ndi timano m'mphepete pa chifukwa chomwecho. Chitsulo nacho chimang'ambikira pamene pali bala: pangodya yakuthwa, pabowo, pamene macheka anakanda, m'mphepete mwa powotcherera. Mu 1954 ndege ziwiri za mtundu wa de Havilland Comet zinasweka zili m'mwamba kufupi ndi Italy. Ofufuza ku Farnborough anamiza thupi la ndege ina m'thanki ya madzi n'kumalifufumitsa mobwerezabwereza mpaka linang'aluka, ndipo mng'alu unayambira pangodya ya bowo lodulidwa m'thupimo. Mukadzakwera ndege, yang'anani mawindo ake, simudzapeza ngodya yakuthwa. Yang'ananinso chidebe cha pulasitiki cha kumjigo: chimasweka pamakutu, polowa chogwirira.

Tsono apa mpamene timalakwitsa ife a ku Angónia. Tikagula njinga, tsiku lomwelo timapita nayo kwa owotcherera kuti aike kaliyala ya zitsulo zomangira nyumba. Kaliyalayo siduka, n'zoona. Koma katundu sanathe, wangosamukira ku ekiselo ndi ku timapaipi topyapyala ta felemu, tomwenso moto wa owotcherera watifooketsa. Ena amaitalikitsa kaliyala mpaka kupitirira tayala kuti pakwane thumba lachitatu. Pamenepo mwapanga mpini: bampu iliyonse thumba lakumapeto likukanula felemu monga mmene mumakanulira chitsa ndi chitsulo. Ena amaboola mabowo a habu kuti alowetse masipoko onenepa a njinga yamoto, osadziwa kuti achepetsa mnofu wa habu ndipo ailuma ngati chitenje chija. Kulimbitsa chiwalo chimodzi n'kusankha kuti china chife. Wopanga wanzeru amasankhiratu kuti choyamba kufa chikhale chotchipa ndi chosavuta kusintha, monga fyuzi ya m'galimoto.

Funso la msewu ndi la wokonza ndiwaphatikize, poti malo atha. Njinga zambiri zimene timagula zinatengera kapangidwe kakale ka ku England, komwe John Kemp Starley anatulutsa njinga yake ya Rover mu 1885, ndipo sizinalingaliridwe za matumba a kachewere pa zitunda zopita ku Domwe kapena ku Ulongwe. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, linatulukira mbali ina: linaona mmene njinga zimafera m'misewu ya ku Zambia, n'kupanga njinga ya Buffalo, yolemera, ya masipoko onenepa pa habu yowayenera, ya buleki yopondera m'mbuyo, ndi kaliyala yopangidwira makilogalamu 100. Linaphunzitsanso okonza m'midzi, pozindikira kuti njinga yosowa wokonza ndi zipangizo pafupi imathera kudenga.

Funso lachitatu lija, la chitsulo chabwino, utoto woteteza dzimbiri ndi girisi wa m'mabero, tinalikamba m'mutu wapita.

Amalume aja sanakhutire. Anagula sipoko imodzi yokha, nakana kulipira kuti mnyamata akunge tayala lonse, ati n'kuba. Patapita masabata awiri ndinakumana nawo akukankha njinga kuchokera kudimba, masipoko atatu atawakulungiza kwa anzawo kuti asakole tcheni. Sindinafunse kanthu. Iwo okha anati, "Mphwanga, kodi mnyamata uja amati kukunga lonse ndi ndalama zingati?"