Napolo ndi Migodi ya Malasha

Mlimi wa kachewere ku Tsangano amadziŵa kuti mizere yotsika ndi phiri imatsegulira madzi njira yokokololera nthaka. Nzeru yomweyi ifunikanso pa migodi ya malasha. Dothi lokumbidwa likaunjikidwa pamtsetse, mvula imaliloŵerera, limalemera, kenaka limagumuka monga adachitira napolo amene adapha anthu mazanamazana ku Phalombe mu 1991.

Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, kampani ina idaleka kukumba malasha mu 2015, nisiya maenje osakwirira pafupi ndi midzi. N'chifukwa chake boma, lisanapereke chilolezo cha mgodi, liyenera kuyamba laona m'mene eni ake adzakwiririre maenje, kusalaza milu ya dothi, kukumba ngalande ndi kubzala mitengo. Kupanda kutero, malasha amapita, tsoka n'kutsalira anthu okhala m'munsi mwa phiri.