Injini ya chigayo pa makina ochekera matabwa: werengerani musanawotcherere

Munthu wa ku Tamanda, kumpoto chakum'mawa kwa Chipata kufupi ndi malire a Malawi, akafuna mapaso a nyumba ya malata kapena matabwa a chitseko amasankha pa njira zitatu. Akhoza kukagula paini m'tauni n'kulipirira galimoto, akhoza kuitana anyamata a sowo ya padzenje, kapena kuitana mwini makina onyamulika kuti adzacheke malaina kapena bulugama wake pomwe wagwera. Makina otere akakalamba, choyamba kutopa ndi injini, ndipo mwini wake maganizo amathamangira ku injini ya dizilo ya chigayo. Maganizowo si olakwika. Koma injini ikasinthidwa popanda kuwerengera, ndalama zimapita ndipo matabwa amatuluka opindika kuposa kale.

Makinawo ndi otani

Amene tikunena pano ndi aja a bledi yopyapyala yolumikizana ngati lamba, yozungulira pa mawilo awiri. Chipika chimagona pa njanji osasuntha, ndipo mutu wa makina, womwe wanyamula injini, mawilo ndi bledi, ndiwo umakankhidwa kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Dzina lodziwika kwambiri ndi Wood-Mizer, kampani yomwe inayamba mu 1982 ku Indiana m'dziko la America, ndipo ocheka a ku Chikangawa ku Malawi anawazolowera kalekale makina amenewa. Masiku ano aliponso ochokera ku China ndi ena opangidwa ndi amisiri owotcherera.

Ubwino wake waukulu uli pa utuchi. Bledi yotere imadya mamilimita awiri kapena atatu podutsa kamodzi, pomwe tcheni ya sowo ya injini yogwetsera mitengo imadya asanu ndi atatu mpaka khumi. Tengani chipika chomwe mwachisema mbali zonse zinayi n'kutsala masentimita 30. Mukamacheka matabwa a mamilimita 25, bledi yopyapyala ikupatsani matabwa 11, tcheni ikupatsani 9. Matabwa awiri aja asanduka utuchi. M'dera lomwe mitengo yambiri inapita ku zigafa za fodya ndi ku makala, ndipo mlombwa wokhwima ukusowa, matabwa awiri pa chipika chilichonse si nkhani yaing'ono.

Chifukwa chake anthu amathamangira dizilo

Injini za silinda imodzi zochokera ku China, monga Changfa ndi Jiangdong, zili ponseponse m'zigayo ndi m'makina osendera mbewu. Makaniko wa pamsika amazidziwa mkati ndi kunja, zitsulo zake zimapezeka m'mashopu a ku Chipata, ndipo zimamwa mafuta pang'ono poyerekeza ndi injini ya petulo yogwira ntchito yomweyo. Zimakokanso mwamphamvu ngakhale zikuyenda pang'onopang'ono, zomwe zimathandiza bledi ikalowa mu muwanga kapena m'bulugama wakale wouma.

Palinso china chomwe ambiri sachiganizira. Dera la Chipata lili pamalo okwera mamita oposa 1,000 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera. Ndiye mahosipawa olembedwa pa chitsulo cha injini, kuno chotsanipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Injini ya petulo yomwe inkangokwanira kunyanja, kuno imachita befu.

Masamu a mapule

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo pang'ono. Bledi ili ndi liwiro lake lomwe imachekera bwino, pafupifupi mamita 25 pa sekondi. Pa makina a mawilo a mainchi 19, wilo likazungulira kamodzi bledi imayenda pafupifupi mita ndi theka, choncho mawilo ayenera kuzungulira pafupifupi ka 1,000 pa mphindi. Injini iliyonse yomwe mungaike, cholinga ndi kufika pa nambala imeneyi.

Kawerengedwe kake ndi kophweka. Tengani liwiro la injini, chulukitsani ndi kukula kwa pule ya painjini, gawani ndi kukula kwa pule ya pawilo. Injini ya petulo imathamanga ka 3,600 pa mphindi. Tinene kuti ili ndi pule ya mainchi 4, ndipo ya pawilo ndi ya mainchi 14. Mawilo azungulira ka 1,029, ndipo zonse zili bwino. Tsopano chotsani injiniyo, ikani ya dizilo ya mtundu wa ZS1115 yomwe imathamanga ka 2,200, mapule n'kuwasiya momwemo. Mawilo atsikira pa 629. Injini ikulira mwamphamvu, mahosipawa alipo okwanira, koma bledi ikukwawa. Wocheka akakankha mutu monga anazolowera, dzino lililonse limaluma nthuli yaikulu kuposa mphako yake, utuchi umadzaza, bledi imatentha n'kuyamba kukwera ndi kutsika m'kati mwa chipika. Thabwa limatuluka ndi mafunde, kalipentala n'kulikana.

Mankhwala ake ndi pule ya mainchi 6 ndi theka pa injini ya dizilo, yomwe imabwezera mawilo pa 1,021. Pule imeneyi mukhoza kukaisemetsa kwa amisiri a makina osemera zitsulo, koma iyenera kukhala pakatikati penipeni pa wilo lolemera la injini, chifukwa ikapendekeka pang'ono pokha imatafuna malamba ndi mabering'i.

Kulakwitsa kwa mbali inayo ndi koopsa kwambiri. Pule ikakula mopitirira, mawilo amathamanga kuposa momwe anawapangira, bledi imang'aluka m'mphako za mano n'kuduka, kapena kuvuka pa mawilo. Musanawotcherere chilichonse onaninso mbali yomwe injini yatsopano imazungulira. Mano a bledi amaluma mbali imodzi yokha, ndipo utuchi uyenera kutulukira kumene kulibe munthu.

Kulemera ndi kunjenjemera

Injini ya petulo ya pamakina otere anthu awiri amainyamula osavutika. ZS1115 imapitirira makilogalamu 150, musanathire madzi m'thanki yake. Katundu yenseyo akakhala pa mutu wa makina, tcheni kapena chingwe chokwezera mutu chimalemedwa, mutu umapendekera mbali ya injini, ndipo timawilo toyenda pa njanji timatha msanga. Thabwa limayamba kutuluka lonenepa mbali imodzi. Injini ya silinda imodzi imagundanso kwambiri, ndipo kugundako kumamasula mabawuti, kumang'amba mowotcherera, n'kusiya mizere pankhope ya thabwa.

N'chifukwa chake ine ndimati injini ya chigayo malo ake enieni ndi pansi. Pa sowo yozungulira ya patebulo, yomwe shafiti yake sisuntha, imagwira bwino zedi: mumaimangirira pa zitsulo kapena pa zipika zokwiriridwa, lamba n'kupita ku shafiti, bola musapitirire liwiro lomwe analemba pa sowoyo. Pa makina a mutu woyenda, ngati mwalimbikira dizilo, sankhani injini yopepuka, limbitsani mizati ndi chokwezera, ikani mphira wochindikala pansi pa miyendo ya injini, ndipo mabawuti muziwayendera ndi sipanala m'mawa uliwonse.

Malamba ndi kilachi

Makina ena a petulo ali ndi kilachi yogwira yokha injini ikakwera liwiro. Pa dizilo yoyenda pang'onopang'ono kilachi yotere imangoterereka n'kupsa. Chodalirika ndi kapule kolimbitsira lamba ndi chogwirira, kuti injini muilize ilibe katundu, kenako n'kulumikiza bledi. Kupukusa dizilo ndi hendulo bledi italumikizidwa kale ndi kuika manja a anthu pangozi.

Lamba mmodzi sangakwanitse kukoka kwa dizilo. Ikani awiri a mtundu wa B, ogulidwa limodzi, aatali mofanana. Lamba akayamba kulira musamange mopitirira muyeso, chifukwa mabering'i a wilo ndiwo adzalipira. Ndipo chotchinga malamba chibwerere pamalo pake ntchito yowotcherera ikatha. Malaya a wothandiza akakodwa pamenepo, chipatala chachikulu chili kutali ku Chipata.

Nanga mota ya magetsi?

Pomwe pali magetsi a mafezi atatu, mota ya makilowati 7.5 imacheka mosalala kuposa injini iliyonse, ndipo ndi yopepuka. Masamu ndi omwe aja. Mota yothamanga ka 1,450 ikufuna pule ya mainchi 10, yothamanga ka 2,900 ikufuna ya mainchi 5. Mukasokoneza n'kuika ya mainchi 10 pa mota yothamanga kwambiriyo, mawilo apitirira ka 2,000 pa mphindi. Werengani kachitsulo ka pamota musanagule pule.

Vuto ndi lakuti mitengo siimera pafupi ndi mapolo a magetsi a ZESCO, ndipo chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba, chinatiphunzitsa kuti magetsi akhoza kusowa tsiku lonse. Ena amaika jenereta ya dizilo pansi, mota n'kukhala pa mutu wa makina. Njira imeneyi imathetsa vuto la kulemera, koma jeneretayo iyenera kukula kawiri kapena katatu kuposa mota, chifukwa mota imamwa magetsi ambiri poyamba kuzungulira.

Bledi yobuntha siimva za mahosipawa

Nthawi zambiri makina omwe akuti alibe mphamvu amakhala kuti bledi yabuntha. Bledi imafuna kuchotsedwa ndi kunoledwa ikacheka pafupifupi maola awiri, ndipo ngati makungwa ali ndi mchenga, nthawiyo siikwana. Mano ake amapindidwa mosinthanasinthana, lina kumanzere, lina kumanja, lina kusiyidwa loongoka, kuti atsegule njira yokwanira. Kupindako kukakhala kosafanana, bledi imathawira mbali imodzi ngakhale ili yakuthwa. Mabledi amasiyananso kupendekeka kwa mano: ya madigiri 10 ndi ya ntchito wamba monga malaina ndi paini, ya madigiri 4 ndi ya mitengo yolimba kwambiri. Madzi odonthera pa bledi, osakaniza ndi sopo pang'ono, amachotsa utomoni. Usiku masulani bledi, isagone yomangika. Ndipo sefa ya mpweya ya injini, yomwe imapuma utuchi tsiku lonse, iziyeretsedwa tsiku ndi tsiku.

Chipika cha mwini wake

Kuchekera anthu n'kovuta kuposa kucheka zako, chifukwa chipika sunasankhe ndiwe. Mtengo wa pakhomo, kaya ndi mango kaya malaina, unakhomedwapo misomali ya chingwe choyanikira zovala, waya wa khola, nthawi zina ngakhale chitsulo cha njinga chomwe khungwa linachimeza zaka zapitazo. Kunja sikuoneka kanthu. Bledi ikagunda msomali pamamveka kulira kwakuthwa, ndipo mano angapo atha pomwepo. Chipika chokokedwa pansi ndi ng'ombe chimafika chitavala dothi ndi timiyala, choncho chisendedwe kapena chitsukidwe m'njira yomwe bledi idzadutse. China chimakhala ndi mphako yomwe chiswe chinadzazamo dothi, ndipo dothi limenelo limabunthitsa bledi msanga kwambiri.

Bulugama ali ndi khalidwe lakelake. Mtengowu umakula uli wokokana m'kati, ndipo ukangochekedwa mbali imodzi thabwa limapindika likadali pa makina, chipika chotsalacho n'kudzuka pa njanji. Wocheka wodziwa amachotsa thabwa limodzi kapena awiri, n'kutembenuza chipika, n'kuchekanso mbali inayo, kuti kukokanako kuzichoka mofanana. Amadulanso zipika zifupizifupi ngati mwini wake alola, ndipo mtima wa mtengo amausiya m'thabwa limodzi lokha, poti ndi pomwe pamang'aluka. Mlombwa suvutitsa chotero. Umauma osapindika kwenikweni, n'chifukwa chake akalipentala amaufuna pa zitseko ndi mipando.

Pangano lisanalire injini

Mkangano umabuka madzulo, matabwa ataunjikidwa. Mwini mtengo amayang'ana mulu n'kufunsa kuti, "Bambo, chimtengo chonse chija matabwa ake ndi omwewa?" Iye amakumbukira kunenepa kwa tsinde, pomwe wocheka amawerengera kunsonga, chifukwa thabwa lathunthu limatuluka molingana ndi mbali yaing'ono ya chipika. Chipika chokhota chimataya zambiri. Ndi bwino kuyeza kunsongako ndi tepi mwini wake ali pomwepo, n'kumuuza kuti, "Amalume, apa tiyembekezere matubaifo akutiakuti," bledi isanakhudze mtengo.

Malipiro a pa thabwa amakomera mwini mtengo ngati zipika zili zoipa, malipiro a pa tsiku amakomera wocheka ngati makina akuvuta. Njira iliyonse yomwe mwasankha, nenani poyera za dizilo, za ngolo yonyamula makina, za anyamata ogubuduza zipika, za zotsala za m'mbali zamakungwa zomwe anthu amamangira makola, ndiponso za yemwe adzalipire bledi ikagunda msomali. Muyezo nawo ugwirizanidwe. Thabwa laliwisi limachepa likamauma, ndiye ngati kalipentala akufuna mamilimita 25 atapala, lichekedwe lonenepako.

Matabwa akatsika pa makina asasiyidwe pa dzuwa la Okutobala. Aunjikidwe pamthunzi, pamalo okwera ndi osalala, timitengo touma tofanana titaikidwa pakati pa mizere molunjikana, pamwamba n'kutsindika ndi miyala. Kumapeto kwa matabwa a bulugama pakani penti yotsala kuti asang'aluke. Malaina amachedwa kuuma, ndipo mwini wake auzidwe kuti asafulumire kupangitsa chitseko.

Mapepala

Lamulo la nkhalango la Zambia, Forests Act ya 2015, limafuna laisensi ya makina ochekera, chilolezo chogwetsera mtengo ndi chilolezo chonyamulira matabwa pamsewu, ndipo zonsezi zimachokera ku Forestry Department. Mawu a amfumu ndi ofunika pa malo a makolo, koma salowa m'malo mwa mapepala a boma. Mukula unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES mu 2019, ndipo mu 2022 anawonjezerapo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu, kutanthauza kuti matabwa ake sawoloka malire popanda zilolezo zapadera. Kwa wocheka wa ku Tamanda, komwe Malawi ali pafupi chonchi, zimenezi n'zofunika kuzidziwa. Munthu akakuitanani kukacheka mtengo wachilengedwe, pemphani kuona chilolezo chake makina asanakwere ngolo, chifukwa lamulo limalola akuluakulu a nkhalango kulanda matabwa pamodzi ndi zida zomwe zinagwira ntchitoyo.